Mwana Wokula Mtima

Armadale, Perth
18 Julaye 2023

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani mukudzuka, ngakhale Edda akundiuza kuti masiku ano chakudya mukungolawa. Ife kuno tilipo. Kunja kukugwa mvula ya chisanu, poti dziko lino zinthu zake n'zozondoka, ndipo ine ndakhala pampando wa m'chipatala umene tsopano ukudziwa msana wanga kuposa bedi la kunyumba.

Papita masabata atatu mukukana foni yanga. Edda akabwera nayo mumati andiuze kuti muli kudimba, chonsecho ine ndikumva nkhuku zanu pakhomo ndi kachifuwa kanu kaja. Ndiye ndati ndilembe, poti pepala limadikira munthu mpaka abwereko kudimba. Cathy, mnzanga wa ku Chipata amene timagwira naye ntchito, anyamuka Loweruka kudzera ku Lilongwe ndipo adzayisiya m'manja mwa Edda. Iwe Edda, ndiwe uwerenge, ndipo usadumphe ndime. Ndimakudziwa mng'ono wanga, ukafika powawa umayamba kutsokomola n'kulumphira kumapeto.

Mdzukulu wanu Tayamika ali moyo. Ndiyambe ndi zimenezo kuti mupume. Ino ndi sabata yake yachisanu ndi chiwiri m'chipatala cha ana. Lachisanu likubwerali amuunikanso mtima. Ukapezeka kuti wayamba kubwerera, apitiriza mankhwala konkuno. Ukapezeka uli chimodzimodzi, atitumiza ku Melbourne, ulendo wa maola anayi pandege, kuti tikadikire mtima wa mwana wina. Mukumvetsa tanthauzo lake, Amayi: kudikira kuti kwa eni kugwe maliro kuti kwathu kukhale moyo. Mawu amenewa sindinawatchulepo pakamwa kwa munthu aliyense, ngakhale kwa bambo ake. Kulemba kwandipepukirako.

Edda anandiuza kuti tsiku limene anakufikitsirani uthenga woti adokotala akuti mtima wa Taya wakula, inu munaponya lichero pansi n'kunena kuti, "Nawonso adokotala achizunguwo ayamba kumunena mwana? Kamwana ka zaka zinayi kawalakwira chiyani?" Ndinaseka ndekha m'khonde la chipatala mpaka anthu kundicheukira, kenako kusekako kunasanduka zina. Amayi, adokotala sankanena za mwano kapena kudzikuza ayi. Ankanena za mtima weniweniwo, nyama imene ili m'chifuwa, kuti yafutukuka. Koma simunalakwe kukwiya, chifukwa alipo munthu amene anamunenadi mwanayu kuti ndi wokula mtima, ndipo anayamba kalekale. Munthuyo ndine.

Mukukumbukira ndinakusiyirani Taya ali ndi chaka chimodzi ndi miyezi isanu, ndikulonjeza kuti ikangotha miyezi isanu ndi umodzi ndidzamutenga. Kunabwera mliri, malire n'kutsekedwa, kenako mapepala, ndipo miyezi isanu ndi umodzi inasanduka zaka zitatu. Mwana wanga ndinkamulera pagalasi la foni. Chaka chatha, atachira matenda otsegula m'mimba aja ndi kutentha thupi, nthawi iliyonse ndikaimba ndinkamuona ali kumbuyo kwanu, miyendo ikulendewera mpaka m'mawondo mwanu. Zinkandinyansa. Ndinkati, "Amayi, mwana wamkulu chonchi kumbuyo? Mukumusasatitsa." Inu munkayankha mofatsa kuti, "Vai, mwanayu amatopa. Kuchoka pano kufika pamjigo amakhala pansi kawiri." Ine n'kumati, "Ndi ulesi umenewo, mwanayo wakula mtima. Musiyeni alire, ayenda." Ndinkalankhula ngati nesi wa zaka khumi ndi chimodzi pantchito, wokhala kunja, wodziwa zonse. Paja ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Bambo ake atabwera kudzamutenga mu Epulo, munamuikira m'chikwama chitenje chanu chobiriwira chija, chimene munkamuberekera. Nditachipeza ndinapukusa mutu n'kuchiponya pamwamba pa wadiropu. Kuno ana amayenda okha, kapena amakankhidwa pakangolo. Ndinati mwana wanga ayambe moyo watsopano.

Taya sanandizolowere msanga. Masabata onse oyamba sankanditchula dzina lililonse, ankangoti "inu". Chakudya cha kuno ankachikana. Nyama ayi, dzira ayi, nsomba ayi, mkaka ankangonunkhiza. Chimene ankalola ndi phala la ufa woyera ndi tiyi basi, nalonso masipuni asanu wakhuta. A Jailos, bambo akewo, ankati, "Agogo ake anamulerera mwanayu, tiyenera kumuwongola." Ine ndinkavomera. Ndipo tinkamuona liti? Ine ndimagwira kunyumba yosamalira okalamba ku Rockingham, ulendo wa pafupifupi ola pagalimoto, iwo amagwira kufakitale ku Kwinana, mashifiti athu osemphana. Mwana tinkapatsirana pakhomo, wina akulowa wina akutuluka.

Mu Meyi ndinakutumizirani chithunzi chija, ndikunyadira kuti taonani masaya, mphepo ya kuno yamuyanja. Inu munangoti, "Koma maso akewo." Sindinafunse kuti maso atani. Nsapato zake zitayamba kuthina ndinapita kukagula zokulirapo, ndikusangalala kuti mwana akukula. Sikunali kunenepa, Amayi. Anali madzi amene mtima unkalephera kuwayendetsa.

Tsopano ndikuuzeni chimene sindinauze munthu, ndipo Edda, pano usatsokomole.

Lamulungu pa 4 Juni galimoto inali ndi bambo ake kuntchito, ndiye ine ndi Taya tinanyamuka wapansi kupita kusiteshoni kuti tikakwere sitima ya kutchalitchi. Ndi mtunda wa mphindi khumi. Tisanafike pakona anakhala pansi. Ndinamudzutsa. Tinayenda pang'ono, anakhalanso. Kachitatu anakhala pamsewu ponyowa, ndi diresi lake latsopano, n'kukweza manja.

"Amama, ndiberekeni."

Aka kanali koyamba kunditchula amama. Ndinamva bwinobwino, koma ndinali nditagwira mashifiti asanu ndi limodzi motsatizana, sitima inali pafupi kunyamuka, ndipo mzungu wina ankatiyang'ana ali pageti pake ndi galu. Ndinamumenya, Amayi. Ndinamumenya pantchafu kawiri ndi dzanja langali, n'kumukoka pamkono, ndikunena kuti, "Kukula mtima kumeneku ukachitire kwa agogo ako ku Dowa, kuno ayi!" Sanalire. Ndinaganiza kuti ndi liuma. Lero ndikudziwa kuti analibe mpweya wolirira. Anayenda mtunda wonse wotsalawo chifukwa choopa ine.

Kutchalitchi anagona pabenchi. Nyimbo yoyamba isanathe Cathy anandigwira paphewa.

"Iwe Vailet, ona mwamene apemela uyu mwana," anatero m'Chinyanja chake chija, kunena kapumidwe kake. "Si ulesi uyu, mwandi, adwala."

Anamuvula nsapato n'kudina chala pamwamba pa phazi. Atachotsa, dzenje linatsala. Amayi, ine ndimadina mapazi a nkhalamba za eni tsiku lililonse, n'kulemba m'buku, n'kuitana dokotala. Phazi la mwana wanga ndinali ndisanalidinepo. Cathy sanandifunse chilichonse, anangoti, "Tiye manje manje," n'kutenga makiyi a galimoto yake.

Masiku asanu oyamba anali m'chipinda cha odwala kwambiri, mapaipi m'mphuno ndi m'mikono. Dokotala wa mtima, mayi wamfupi wa imvi zambiri, anandionetsa pakanema mmene mtimawo ukugwirira ntchito. Anati mtima wa mwana umakhala waukulu ngati chibakera chake, ndipo ukagunda umatulutsa magazi oposa theka la amene ali mkati, tinene magawo 60 pa 100. Wa Taya unali utatambasuka ngati lasitiki wa siketi yakale, ndipo unkatulutsa 19 okha. Nambala imeneyi muyisunge, Amayi, chifukwa ndi imene ndakhala ndikugona nayo n'kudzuka nayo.

Anafufuza masabata awiri kuti chayambitsa n'chiyani. Anatifunsa za kumtundu kwathu ndi kwa a Jailos, ngati alipo anamwalira mwadzidzidzi ali mwana. Anamutenga magazi mpaka ndinayamba kuwerenga mabala a jakisoni. Tsiku lina dokotala uja anakhala pansi n'kufunsa kuti mwanayu wakulira kuti, ankadya chiyani, chakudyacho chinkalimidwa pati. Anayang'ana zikhadabo zake zoyera mbuu ndi tsitsi lake lofiirira lija limene tinkati watengera kwa azakhali ake. Anatumizanso magazi, ndipo yankho linabwera kuti m'thupi mwake mukusowa seleniyamu.

Ndikufotokozereni mmene anandifotokozera. Seleniyamu ndi kamchere kena ka m'nthaka, kosaoneka ndi maso, kosamveka pakamwa. Thupi limakafuna pang'ono zedi, koma ndi kamene kamateteza minofu, makamaka ya mtima. Mbewu zimakatenga m'dothi, ife n'kukatenga m'mbewu, kapena m'nsomba, mazira ndi nyama. Tsono dothi lina, ngati katondo wathu uja, limakaumira, silipereka ku mbewu. Munda umabereka, nkhokwe imadzaza, mwana amakhuta, koma kamchereko mulibe. Ana ambiri amadya chomwecho n'kukula bwinobwino. Kwa Taya zinakumana ziwiri: kamchereko kanali kochepa kale, kenako kachilombo ka matenda a chaka chatha aja kanapeza mtima wopanda mlonda. Tsopano akumupatsa seleniyamuyo moyeza, pamodzi ndi mankhwala ochotsa madzi ndi ena othandiza mtima. Dokotala akuti mitima ina imabwerera, ina imakhala kuti yachedwa.

Za uthenga wa a Jailos ndinazimva mochedwa. Anajambula mawu pafoni ali m'galimoto n'kukutumizirani, ine osadziwa, akunena kuti, "Amayi, akuti vuto ndi chakudya chimene ankadya kumudziko." Mukuwadziwa apongozi anu, mawu awo ndi aafupi ndipo amagwera paliponse. Sankafuna kukuimbani mlandu. Pano akuchita manyazi, akungondifunsa tsiku lililonse ngati mwayankha. Edda akuti mutamva munakaima pankhokwe nthawi yaitali, kenako munati, "Ndiye kuti ndamupha ndi dzanja langa." Kuyambira pamenepo ndi pamene munasamukira kudimba.

Amayi, chimanga chimenecho ndi chimene ndinakulira ine. Ndi chimene munkagulitsa kuti ndipite kusukulu ya unesi. Munamudyetsa mdzukulu wanu chabwino koposa chimene munali nacho, munkadzimana kuti iye akhute, ndipo palibe munthu angalawe nsima n'kudziwa kuti mukusowa seleniyamu. Inu munaona kuti mwana akutopa ndipo munanena. Amene anaphunzira zizindikiro zake m'kalasi, n'kulemba mayeso, n'kukhoza, ndi amene anati ndi mwano. Ngati pakufunika wina woti akaime pankhokwe, sindinu.

Ndatopa, Amayi. Ndikunena poyera chifukwa kuno aliyense akandifunsa ndimati tili bwino. M'mawa ndimasambitsa ndi kudyetsa amayi a anthu ena, madzulo ndimakwera sitima kubwera kuno kudzalandira bambo ake. Nthawi zina ndimafika pasiteshoni osakumbukira kuti ndikupita mbali iti. Taya akandiona amamwetulira, koma ndikakweza dzanja kuti ndimukonze pilo amaphethira n'kubweza mutu. Chimenechi chimandipweteka kuposa nambala ija.

Manesi a muno amamukonda ngakhale samvana chinenero. Sabata yoyamba mmodzi anandifunsa kuti kodi Agogo ndi chidole chanji, tikachitenge kunyumba, poti mwanayu akangodzidzimuka akuitana Agogo. Ndinawauza kuti si chidole, ndi munthu, ndipo ali kutali. Tsopano wodi yonse ikukudziwani. Akafuna kuti amwe mankhwala amati, "Za Agogo, za Agogo," iye n'kutsegula pakamwa.

Abwera kudzamuyeza, ndiyambe ndaima. Ndidzamaliza Lachisanu, zikhale mmene zikhalire.

21 Julaye

Amayi, ndabweranso. Ndikulemba mothamanga, Edda apirire ndi zilembozi.

Dzulo ndisananyamuke kunyumba ndinakwera pampando n'kutsitsa chitenje chanu pamwamba pa wadiropu. Sindikudziwa chimene ndinkaganiza, mwina ndinkafuna kuti afunde. Chikadanunkhabe utsi wa kukhitchini kwanu. Taya atachiona anachikumbatira, ndipo anagona nacho.

Lero m'mawa anabwera ndi njinga ya odwala kuti apite naye kokaunikidwa. Anakana. Analira, kukankha, kugwira zitsulo za bedi, makina n'kuyamba kulira nawo. Nesi anati tisamukakamize, kulirako kukulemetsa mtima, koma nthawi yathu inali kutha. A Jailos anayamba kuti, "Iwe Taya, usayambe," ine ndinawayang'ana, analekera pomwepo. Ndinagwada pafupi ndi bedi n'kumufunsa chimene akufuna. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akuyeza kaye ngati kuli bwino kunena. Kenako anakankhira chitenje kwa ine.

Ndinafunsa nesi ngati n'zololedwa. Anati sanaonepo, koma tiyese, ndipo anagwira mawaya ndi kabotolo ka dilipi. Ndinawerama, bambo ake anamukweza kumbuyo kwanga. Amayi, manja anga anali ataiwala. Ndinamubereka komaliza ali ndi chaka chimodzi. Ndinamanga mfundo molakwika, chitenje n'kumatsetsereka, mpaka kamawu kanamveka kukhutu kwanga.

"Agogo samanga choncho. Amayamba m'munsi."

Ndinayamba m'munsi. Tinayenda khonde lonse, kukwera chikepe, kudutsa anthu ovala masuti, nesi akutitsatira ndi mawaya. Anthu ankatiyang'ana ndipo sindinasamale. Ndi wopepuka, Amayi, wopepuka kwambiri. Mtima wake ndinkaumva ukugunda pamsana panga, msangamsanga, ndipo tisanafike anali atatsamira tsaya paphewa langa.

Dokotala uja atationa tikulowa anafunsa kuti kodi kwanu mumanyamula ana chonchi mpaka msinkhu uti. Ndinayankha mwamanyazi kuti ayi, pamsinkhu uwu amakhala atasiya kale, kungoti agogo ake ankamubereka kulikonse, kumjigo, kutchalitchi, kumunda, chaka chathunthu, ine ndikuwakalipira pafoni. Anasiya kulemba n'kundiyang'ana.

"Ndakhala ndikudzifunsa kuti mwana wa mtima wotere anafika bwanji kuno ali moyo," anatero. "Sindingalumbire, koma ndikuganiza kuti mwandiyankha. Mtunda uliwonse umene agogo akewo anamuyendera ndi ntchito imene mtima uwu unapumako. Mukawauze kuti ndawathokoza."

Ndiye ndikukuuzani, Amayi. Zimenezi si zanga zokutonthozani nazo, a Jailos analipo ndipo anamva. Anatuluka panja kukapukuta m'maso, ati munalowa kachitsotso.

Anamuunika pafupifupi theka la ola, ine nditagwira phazi lake. Pomaliza dokotala anatembenuza kanema uja n'kuloza nambala. Yafika 28. Kuchoka pa 19 kufika pa 28. Akuti ndi kutali ndi 60, mwina sudzafikako, mankhwala amwa zaka zambiri, ndipo adzamuunikanso pakatha masabata asanu ndi limodzi. Koma mtima wayamba kubwerera, ndipo za ku Melbourne aziika kaye pambali. Ndinkaganiza kuti ndikadzamva zotere ndidzalulutira mpaka alonda kubwera. Sindinathe. Ndinangokhala pansi m'khonde, chitenje chili m'manja.

Tsopano pempho langa. Edda, sabata yatha unandiuza mongodutsa kuti Annie wako nayenso wayamba zake, akukana kupita kusukulu ya mkaka, akungofuna kunyamulidwa, ndipo unaseka n'kunena kuti watengera kukula mtima kwa mkulu wake. Mawuwo unawaphunzira kwa ine, ndipo ndikuwalanda. Mwina si kanthu, ana amatopa ndi zambiri, koma Annie ndi Taya ankadyera mbale imodzi. Umudine chala paphazi uone ngati dzenje litsala, uyang'ane mmene akupumira akagona. Kaya upeza kanthu kaya ayi, upite naye kuchipatala chachikulu ku Lilongwe ndi pepala la dokotala limene ndaika m'kalata muno, ukapemphe kuti amuunike mtima. Usipa, matemba ndi dzira azidya kawirikawiri, ngakhale pang'ono. Usakagule mankhwala a seleniyamu pawekha, akuti akachuluka ndi poizoni. Ndipo akakhala pansi panjira, usamukalipire. Uwafunse Amayi, akudziwa chochita.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi onse a pakhomo, ndi amayi a chigwirizano amene ndamva kuti amabwera kudzapemphera nanu Lachinayi lililonse. A Jailos akupereka moni ndipo akuti mawu awo adzawabweza okha ndi pakamwa pawo, mukawalola. Cathy mumulandire ngati mwana wanu, mumuphere nkhuku ngati ilipo, ndi amene anaona zimene ine sindinaone.

Taya ndamufunsa chimene ndikulembereni. Akuti ndikuuzeni kuti dzulo anadya dzira lonse, kuti anayenda yekha kuchoka pabedi kufika pawindo, ndiponso kuti amama tsopano akudziwa kumanga koma amathinitsa. Wafunsanso kuti kodi kudimbako simunamalizebe kuthirira. Yankho lake lili ndi inu. Lamulungu la pa 30 tidzaimba nthawi ya chakudya chamasana kwanuko, mutabwerako kutchalitchi. Ngati simukufuna kumva mawu anga, ine ndidzangogwira foni n'kukhala chete. Koma mwanayu akudikira.

Mundikhululukire, Amayi. Munandiuza kuti mwanayu amatopa.

Ndine mwana wanu wokula mtima,

Vailet